Malimu a Patarau Horácio

"Ukachotsa mawangawa, ndikuperekeza ku Chiputo," anatero Horácio, wogula golide wa ku Fíngoè, akuloza malimu a aluminiyamu a matayala a galimoto yake. Madzi amchere a pachitsime anali ataumirapo, n'kusiya mawanga oyera.

Rosinha, wantchito wake, anapita kukatenga mandimu. Mwana wake ankadwala kwawo ku Chiputoko, ndipo chiyambireni mvula njinga zamoto zinali zitaleka kupitako. Anafinyira mandimu m'madzi a mvula, n'kupukuta ndi chitenje chofewa mpaka zala kuchita dzanzi.

"Patarau, ndamaliza. Tinyamuke?" Rosinha anafunsa bwana wakeyo.

Horácio anawerama, n'kudziona nkhope pa limu. Anamwetulira.

"Uli ndi manja abwino iwe. Koma malimu owala chonchi ndikawaviike m'matope? Tidikire mvula ithe."