Galimoto Yogulitsa kwa Alamu

"Mtengo umenewo ndi wa njinga, osati wa galimoto yanga," anatero telala wina, akubweza foni kwa mkazi wake.

Kampani yogula magalimoto pa intaneti inali itangoyankha ataitumizira zithunzi. Mtengo unali wotsika, koma inati ibwera mawa lomwe kudzaitenga.

"Bola iwowo aichotsa pakhomo pano, bambo," anatero mkaziyo.

Telala sanamve. Anaigulitsa kwa mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, yemwe anapereka mtengo wabwino tsiku lomwelo.

Koma mlamuyo ankakhala nyumba ya lendi yopanda mpanda, ndiye galimoto inkagonabe pabwalo pa telala. Kukazizira inkafuna kukankha, ndipo wokankha anali telala. Chitseko chakumbuyo chinkatseguka ukachigunda ndi bondo, pamalo pomwe ankapadziwa telala yekha. Foni inkalira ali mkati modula nsalu ya kasitomala.

"Alamu, kaphokoso kaja kayambiranso. Paja munkatani kuti kasiye?"

Mpaka batire anagula ndi iye, kuopa kuti achibale angamati anagulitsa m'bale chinthu chakufa.

Loweruka lina, madiresi a ukwati atatha mochedwa, telala anapempha makiyi kuti akapereke msanga.

Mlamuyo anakanda m'mutu. "Pepani alamu, galimoto yanga sindibwereketsa. Mukudziwa nokha mmene mwini wake woyamba anaiwonongera."

Mkaziyo anangotsegula geti kuti mchimwene wake atuluke. Galimoto inakananso kulira, ndipo telala anatula madiresi pakhonde n'kuyamba kukankha.