Mwaye pa Lipoti la Zanyengo

Tahmina, wowerengera ndalama pafakitale yonyika nsalu ku Narayanganj, anaimitsa cholembera pa funso lachinayi la lipoti la boma la zakusintha kwa nyengo: mumatenthetsa madzi ndi chiyani?

"Lembani gasi, mayi," anatero bwana Mozammel akutakasa tiyi. "Boma latikakamiza kulemba lipoti, osati kudzipachika."

"Gasi anasiya kubwera mu Januwale, bwana. Kung'anjo akusonkhezera zidutswa za nsalu."

"Zidutswazo zili ndi malo ake pafomupo?"

"Ayi."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Tahmina analemba gasi n'kusaina m'munsi, poti dzina la bwana silifunika pamenepo.

Kamwaye kochokera kuchumuni kanalowera pawindo n'kutera papepalapo. Tahmina atakapukuta ndi chala, kanasiya mzere wakuda pa dzina lake.