Dzina la Corinne pa Ndandanda

"Yambani ndi ndandanda wa maphunziro," anatero Mayi Pruitt, mphunzitsi wamkulu, akupatsa kompyuta Wendell, mmodzi wa aphunzitsi ake. "Wofuna uhedi amaphunzirira pamenepa. Dzina la Corinne likadalipo. Ndichotse ine?"

"Ndichotsa ndekha," anayankha Wendell.

Corinne, mkazi wake, ankaphunzitsa nyimbo pasukulupo mpaka pamene anamwalira mu Juni. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, awiriwa ankapempha kuti azipuma nthawi imodzi masana kuti azidyera limodzi. Chaka chilichonse ofesi inkayankha kuti sizingatheke.

Atatsala yekha, Wendell anangoyesa kusuntha kalasi imodzi yokha. Zonse zinakwanirana, popanda kuwombana paliponse. Anakhala akuyang'ana dzina lake ndi la Corinne atagundizana pa nthawi yopuma masana.

"Zikuyenda, ahedi amawa?" Mayi Pruitt anasuzumira pakhomo.

"Sizovuta ayi," anatero Wendell, chala chili pa batani lofufutira.