Tsiku Lomwe Seva ya a Mervin Inafa

A Mervin Namakhwa, woyang'anira makompyuta pa esiteti ya tiyi, anavula jekete napinda manja a malaya ngati dokotala wokonzekera opaleshoni. Patebulo panali katoni yomwe anaipempha kalekale, esiteti isanasinthe n'komwe manejala. Munali timatabwa tobiriwira ta memori, toti seva ileke kuyenda ngati thalakitala yokwera chitunda.

Sevayo inali kompyuta yaikulu yakuda, yokhala m'kachipinda kakekake kuseri kwa ofesi. A Mervin ankaitchula kuti mtima wa esiteti. Masikelo a m'minda, fakitale, mayina a otchola tiyi, zonse ankati zimapumira m'menemo. Ndipo popeza mtima sugwidwa ndi munthu wamba, ankatsekera mkati akalowa.

M'mawawo anayamba aima kaye pakati pa makalaliki, katoni ili m'khwapa.

"Ena amayamba azimitsa makina asanaonjezere memori," anatero. "Amenewo ndi anzathu okonza mafoni pa Luchenza. Pulogalamu yoyendetsa seva yathuyi ndi ya makampani akuluakulu. Imalandira memori ili chiyakire. Simudziwa n'komwe kuti ndagwirako."

Makalaliki anagwedeza mitu mwaulemu, monga amachitira anthu abusa akatchula mawu a Chigiriki.

A Mervin sananame. Pulogalamuyo inkaloladi zimenezo. Koma bokosi lenilenilo, lomwe linafika pa esitetipo iwo asanamere ndevu, palibe analifunsa maganizo ake. Atangokanikiza kathabwa koyamba, mkatimo munamveka kuthetheka, sikirini inachita buluu, kenako mdima bii.

Anazula kathabwako n'kuyatsa. Seva inalira mokuwa ngati mwana wa mbuzi, n'kukhala chete. Anazulanso timatabwa takale n'kutibwezera, kalikonse pamalo pake. Chimodzimodzi. Anauzira mpweya m'mabowo. Anasintha chingwe cha magetsi. Pomaliza anaimenya khofi pambali, njira yomwe sinalembedwe m'maphunziro awo onse a ku Blantyre aja. Seva sinatekeseke.

Anaimbira kampani yomwe inagulitsa memoriyo. Mtsikana wa mawu okoma anati injiniya wapita kumaliro, ndipo anawafunira tsiku labwino.

Unali mwezi wa Disembala, mvula ili pakati, tiyi akuphuka ngati akuthamangitsidwa. A Mervin anasuzumira pazenera. Kumunda wa kumtunda amayi anali atawerama pakati pa mizere, madengu kumsana. Anayamba kuona zonse m'mutu mwawo: mzere wautali pa sikelo yosayankha, masamba akutenthana m'madengu mpaka kufiira, akapitawo akukalipirana ndi anthu otopa, fakitale ili zii. Ndipo pakamwa pa aliyense, kuyambira kugeti mpaka kuofesi ya bwana, dzina limodzi lokha.

Anazimitsa foni.

Anaganiza za nyumba ya esiteti yomwe ankakhalamo, ya malata osadontha. Anaganiza zobwerera kwawo ku Khonjeni, kumene anauza akuchimwene awo kuti khasu ndi la anthu osaphunzira. Anaganizanso za mkazi wawo, amene anthu ankamutchula kuti mayi a kwa injiniya.

Nthawi ya nkhomaliro sanatuluke. M'malo mwake anakhala pansi n'kumasankha woti amuloze chala. Magetsi ndiwo anali oyamba, chifukwa magetsi sadziyankhira. Kenako mphenzi, ngakhale kunja kunali dzuwa. Kenako a kampani, otumiza katundu wolakwika. Atatha zimenezo anapemphera, pemphero lalitali ndithu kwa munthu amene Sabata ankalikumbukira pokhapokha apongozi akabwera.

Panjira panadutsa thalakitala yodzaza matumba a masamba, woyendetsa akuimba mluzu. A Mervin anamumvera chisoni. Watsokayo sankadziwa kuti akukatula katunduyo pa fakitale yakufa.

Dzuwa litapendeka, chitseko chinagogodwa.

"A Namakhwa, muli m'menemo?"

Anali mawu a mayi Vailet Mulipa, manejala wa esiteti yonse, amene sanali kudziwika ndi kuseka. A Mervin anavala jekete, namanga mabatani onse. Ngati ndi kuchotsedwa ntchito, achotsedwe akuoneka bwino. Anatsekula. Kumbuyo kwa mayiwo kunaima amuna awiri amphamvu.

"Bwana, ndikhoza kufotokoza," anayamba motero a Mervin, maso ali pansi. "Seva yafa kuyambira m'mawa, koma vuto lenileni ndi magetsi. Ndikudziwa kuti esiteti yonse yaima chifukwa cha..."

"Seva iti?"

Mayi Mulipa anasuzumira mkati n'kuliyang'ana bokosi lakudalo ngati munthu woona mnzake wa kupulayimale.

"Iyi? Kodi inkayakabe? Zonse tinazisamutsira kulikulu ku Blantyre m'mwezi wa Malichi, sanakuuzeni? Tapatukani pang'ono, abambowa alowetse makireti a zakumwa za alendo a mawa. Akuti muno mumazizira bwino."