Mbande ya Pichesi Pakati pa Miyala

Mlonda wa paki anagona chafufumimba kuseri kwa thanthwe, mame atamunyowetsa yunifolomu yonse. Kuzizira sankakumva. Zaka zambiri pa phirili zinamuumitsa mtima, moti alendo akamasirira mathithi ndi maluwa a m'tchire, iye ankangoyang'ana wotchi.

Ntchito yake inali kuzula. Mtengo uliwonse wachilendo wofuna kulanda malo a zomera za m'phirimo ankauzula n'kuutentha, osafunsa kuti wachokera kuti. Anzake anafika pomupatsa dzina loti Zulani.

Malo amodzi okha ndiwo ankamusowetsa mtendere. Kumtunda kwa nyumba zogona alendo, pakati pa timiyala tosanjidwa mozungulira, mvula yoyamba ikangogwa ankapezapo mbande ya pichesi yobzalidwa mosamala. Ankaizula. Chaka chinacho, ina. Abwana ananena mosapita m'mbali: chaka chino agwire wobzalayo, apo ayi akasake ntchito kwina.

Wobzalayo anafika dzuwa litakwera. Anali mayi wachikulire, kakhasu paphewa, tikiti ya pageti ataimangirira kunsonga ya mpango. Zulani anamuzindikira. Chaka ndi chaka mayiyu ankalipira ngati mlendo aliyense, n'kuima nthawi yaitali m'chipinda cha mbiri ya pakiyo, maso ali pa chikwangwani chonena kuti mabanja a m'phirimo anasamuka mwamtendere. Anthu otere Zulani ankati amawadziwa bwino: minda ya makolo awo amaitenganso mwakabisira. Lero pichesi, mawa munda wathunthu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Anadikira kuti mayiyo akumbe, aike mbande, atsendere dothi ndi zikhato. Kenako anadzuka n'kumulakatulira lamulo, ndi mawu omwewo amene ankauza aliyense, osakweza, osatsitsa. Anamuuza kuti mbande zinazo anazula ndi iyeyo, iyinso aizula, ndipo zotsala akakambirana ku ofesi.

Mayiyo sanathawe. Anangokhala pansi pa udzu wonyowawo.

"Mwati mumazula ndinu, bambo?"

"Ndine, mayi. Zonse khumi ndi imodzi."

Pa ntchitoyi Zulani anaonapo opepesa, olira, otukwana, ngakhale ofuna kumulowetsera kenakake m'thumba, ndipo onsewo sankamukhudza. Koma munthu woti wagwidwa, nkhope yake n'kumasuka chonchi, anali asanamuonepo. Mayiyo anausa moyo, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo. Pansi pa miyalayi pagona mwana wanga woyamba. Tinamusiya yekha tsiku lomwe anatikweza m'malole. Zaka zonsezi ndikabwera n'kupeza mtengo palibe, ndimati ndi iyeyo akukana kundikhululukira."