Mpando wa Apongozi

Chiyambire lamulo loti galimoto yosadzaza isaponde phula, a Chikakuda ankauza aliyense m'mudzimo kuti nzeruyo inali yawo. Tsiku lokalandira ulemu kuboma, mpando umodzi m'galimoto yawo unasowa munthu, ndipo pakhomo panatsala apongozi awo okha, omwe mkamwini waulemu salankhula nawo maso ndi maso.

"Esnati, kawapemphe mayi," a Chikakuda ananong'oneza mkazi wawo.

Apongoziwo anayankha akuyang'ana kumbali: "Uwauze akamwiniwo kuti ine sindikwera galimoto yosaitanira."

A Chikakuda anayang'ana wotchi, nthawi inali itatha kale. Anakonza tayi, natulutsa mutu pazenera.

"Boma! Boma! Mmodzi yekha!"

"Uwauze akweze mawu," anatero apongozi. "Ya aneba ikuitaniranso uko."