Matenda Opanda Nambala

Chikhazikitsireni lamulo loti makina a kuchipatala azilandira matenda ndi nambala yake basi, nyumba iliyonse inali ndi kabuku ka manambala. Nangondo, yemwe anali pa chitengwa, ankasunga kake pansi pa chitini cha mchere.

Mwana wake Tiyese atatupa miyendo, kunabwera apongozi ake, a Nachanza, kiyi wa chipinda cha chimanga akulendewera m'khosi monga mwa masiku onse.

"Lembani kuti tsempho," anatero a Nachanza. "Mwanayu mwamusempha ndinu. Mwamuna ali ku Joni, inu kuno miyendo siikhala pansi."

Nangondo anatenga foni yake. Analemba mawuwo n'kuwatumiza kuchipatala, koma makina anawalavula: matenda otere alibe nambala.

"Makina opanda mwambo!" anakalipa a Nachanza.

"Amafuna zooneka ndi maso, amayi, osati miseche ya pamjigo," anayankha Nangondo.

Anatsegula kabukuko n'kuyamba kulowetsa manambala imodziimodzi: ya kutupa miyendo, ya mimba yotupa, ya tsitsi lofiira lothothoka. Kenako makina anafunsa kuti mwanayo amadya kangati pa tsiku. Nangondo anawayang'ana apongozi akewo m'maso, n'kudina kuti kamodzi.

Yankho silinachedwe. Anali matenda a kunyentchera, ndipo mwana ankafunika kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalandire chiponde.

"Awa ndiye ali nayo nambala," anatero Nangondo akubereka mwana. "Latsala funso limodzi. Akuti amasunga chakudya pakhomo pano ndani? Ndilembe dzina lanu lonse, kapena muvula kiyiyo?"